Za Chiyambi cha Matchalitchi a Mazenera Osongoka



Mvula yatha, chimanga chalowa m'nkhokwe, ndipo tsopano yafika nyengo youmba njerwa. M'midzi yambiri imene timayendera pokaphunzitsa katekisma tikupeza amai alikutunga madzi, anyamata alikuponda dothi, ndi madoda alikukangana za kukula kwa tchalitchi chimene afuna kumanga. Tsiku lina, tilikupumula pafupi ndi uvuni, mwana wina wokonzekera Ukaristia woyamba adatifunsa nati: "Aphunzitsi, pa zithunzi za matchalitchi aakulu a ku Ulaya ndimaona makomo ndi mazenera osongoka pamwamba ngati nsonga ya mkondo. Kodi adawapanga chotero chifukwa cha kukongola kokha?" Tidamuyankha kuti iai, adawapanga chotero kuti denga lisagwe. Mwanayo sadakhutire, ndipo akulu amene adali pomwepo nawonso adafuna kumva zambiri. Nchifukwa chake talemba nkhani ino, kuti muiwerenge madzulo pabanja panu. Mamangidwe amenewa Azungu amawatcha Gothic, ndipo adayambira m'dziko la France zaka pafupifupi 900 zapitazo.

Vuto la denga lolemera

Kale ku Ulaya matchalitchi ambiri adali ndi madenga a mitengo. Anthu ankaunikira ndi makandulo ndi nyali za mafuta, mphezi zinkagwa, nkhondo sizinkatha. Tsono moto unkapsereza nyumba za Mulungu kawirikawiri. Amisiri adaganiza zomanga denga la miyala, lopindika ngati uta, monga ankachitira Aroma akale. Denga lotero silinkagwira moto, komatu lidadza ndi vuto lakelake.

Kuti mumve bwino vutolo, itanani ana awiri a msinkhu umodzi. Aime moyang'anana, motalikirana pang'ono, akweze manja, agundanitse zikhatho ndi kutsamirana. Pamenepo apanga uta. Tsono mwana wachitatu akalendewera pa manja aowo, mudzaona mapazi a awiri aja alikutsetsereka chakumbuyo kufikira onse atagwa. Ndi mmene umachitira uta wa miyala: kulemera kwake sikutsikira pansi pokha ai, kumakankhanso zipupa kuti zipatukane. Pofuna kuletsa zimenezi, amisiri a zaka za m'ma 1000 ankamanga zipupa zochindikala kwambiri, nasiyamo timazenera ting'onoting'ono, pakuti zenera lalikulu likadafooketsa chipupa. Matchalitchi ao adali olimba ngati malinga a nkhondo, koma m'kati mwake mudali mdima ngakhale dzuwa lili paliwombo. Lero amatchedwa Romanesque, ndiko kunena kuti omangidwa motsanzira Aroma.

Funso limene lidasautsa amisiri lidali ili: kodi denga la miyala lingakhale bwanji m'mwamba, chipupa chili chopyapyala ndi chodzaza mazenera?

Nzeru ziwiri zimene zidalipo kale

Nzeru yoyamba ndiyo uta wosongoka. Uta wozungulira ngati theka la mwezi uli ndi lamulo lake losasinthika: msinkhu wake umakhala theka la kutambalala kwake, basi. Koma uta wa mbali ziwiri zokomana pansonga mmisiri angathe kuukweza kapena kuutsitsa monga afunira. Ndipo popeza mbali zakezo zimaima chiriri, kulemera kumatsikira pansi kwambiri, sikukankha zipupa ngati pa unzake uja. Nzeru imeneyi sidayambire kwa Akristu a ku France ai. Asilamu adaidziwa kale: mzikiti wa Ibn Tulun mumzinda wa Cairo, umene udatha kumangidwa m'chaka cha 879, uli ndi mauta osongoka ochuluka, ndipo ulipobe mpaka lero. Pambuyo pake amonke a ku Cluny, ku France, adaika mauta otero m'tchalitchi chao chachikulu chimene adachiyamba m'chaka cha 1088. Mmisiri wanzeru sachita manyazi kuphunzira kwa mlendo.

Nzeru yachiwiri ndiyo nthiti. M'malo momanga denga lonse lochindikala mofanana, amisiri ankayamba ndi mauta owonda opingasana, ochokera pa mzati wina kukafika pa mzati unzake, monga ife timayalira mapaso tisanafolere udzu. Mipata ya pakati pa nthitizo ankaitseka ndi miyala yopyapyala ndi yopepuka. Motero kulemera kwa denga kunkatsata nthiti ndi kukatsikira pa mizati ya m'ngodya zinai. Zimenezi zidaoneka ku Durham, m'dziko la England, pa tchalitchi chimene adachiyamba m'chaka cha 1093, natsiriza denga lake cha m'ma 1133. Komabe zipupa za ku Durham zidatsala zochindikala monga kale. Nzeru zonse ziwiri zidalipo, koma padafunika munthu woziphatikiza ndi cholinga cholowetsa kuwala.

Suger wa ku Saint-Denis

Munthuyo adali Suger, mwana wa anthu wamba, amene makolo ake adampereka kwa amonke a ku Saint-Denis, pafupi ndi mzinda wa Paris, ali ndi zaka ngati 10. M'chaka cha 1122 adasankhidwa kukhala mkulu wa amonkewo. Tchalitchi chao chidali cholemekezeka, pakuti mudali manda a Denis Woyera, Episkopi woyamba wa Paris amene adafera chikhulupiriro, ndiponso manda a mafumu ambiri a France. Koma chidali chakale ndi chopanikiza. Suger mwini adalemba kuti pa masiku a chikondwerero anthu ankathithikana kotero kuti amai ena ankatulutsidwa ali lefu, ndipo amonke osunga zotsalira za oyera nthawi zina ankathawira pazenera.

Adayamba kukonza mbali ya kukhomo, imene idadalitsidwa m'chaka cha 1140. Pa ntchitoyo padafunika mitanda italiitali, ndipo amisiri a matabwa adamuuza kuti mitengo yotero m'dera lonselo mulibe. Iye sadavomere. Adalawira m'mamawa, natenga amisiriwo ndi miyeso yao, nalowa iye mwini m'nkhalango. Dzuwa lisanalowe adali atapeza mitengo 12 imene inkafunika.

Atatha apo adamanga mbali ya kuguwa. Kumeneko mmisiri wake, amene dzina lake lidaiwalika, adaphatikiza uta wosongoka ndi nthiti, nakhazika denga pa mizati yowonda. Popeza zipupa zidalibenso katundu wambiri wosenza, adazitsekula, naikamo magalasi a mawangamawanga kuzungulira guwa. Pa 11 Juni 1144 adadalitsa mbali yatsopanoyo pamaso pa mfumu Louis VII ndi Maepiskopi ambiri. Suger ankakhulupirira kuti mtima wa munthu, umene uli waulesi pa zinthu za kumwamba, umathandizidwa kukwera kwa Mulungu ndi zinthu zooneka ndi maso, makamaka kuwala. Maepiskopi aja adabwerera kwao ataona nyumba ya miyala yowala m'kati ngati panja, ndipo sipadapite zaka zambiri mizinda yozungulira Paris idayamba kumanga motsanzira.

Mphanda za kunja

Pamene madenga ankanka nakwera, uta wosongoka ndi nthiti sizidakwanirenso, chifukwa denga likakwera kwambiri limakankhabe zipupa, ndipo mphepo nayo imawomba mwamphamvu kumwambako. Apo padadza nzeru yachitatu, imene inu mukuidziwa bwino. Nthochi ikalemedwa ndi mkoko, kapena nkhokwe ikapendekeka, mumaichirikiza ndi mphanda. Amisiri adachita chomwecho ndi miyala. Kunja kwa tchalitchi adamanga zipilala zolemera, ndipo kuchokera pa chipilala chilichonse adatambasula mkono wa miyala wodutsa m'malere, wokagwira chipupa pamalo penipeni pamene denga limakankha. Pamwamba pa chipilalacho ankasanjikapo kansanja kosongoka, kuti kulemera kwake kuchikhazike nji. Zili monga mutaitana ana ena awiri kuti aponde kumbuyo kwa zidendene za anzao aja: tsopano wachitatu angalendewere momwe afunira, uta sugwa.

Ndi nzeru zitatuzi mizinda idayamba kupikisana. Ku Paris, Episkopi Maurice de Sully adayamba tchalitchi cha Notre-Dame, ndiko kuti cha Amai athu Maria, m'chaka cha 1163, ndipo denga lake m'kati lidafika mamita 33. Ku Chartres lidafika mamita 37; ku Reims, kumene adayamba mu 1211, mamita 38; ku Amiens, kumene adayamba mu 1220, mamita 42. Kuti mufike pa denga la ku Amiens pangafunike amuna 25 ataimirira wina pamutu pa mnzake. Ndipo mfumu Louis IX, amene timamtchula Louis Woyera, adamanga ku Paris tchalitchi chaching'ono cha Sainte-Chapelle, chodalitsidwa mu 1248, chimene chipinda chake cha pamwamba chili ngati chilibe zipupa konse, koma magalasi okhaokha a msinkhu wa mamita 15 pakati pa mizati yowonda.

Kugwa kwa ku Beauvais

Anthu a mumzinda wa Beauvais adafuna kuposa onse. Adayamba m'chaka cha 1225, nakweza denga lao kufika mamita 48. Mbali ya kuguwa idatha mu 1272. Koma patangopita zaka 12, mu 1284, gawo la dengalo lidagwa. Adalimanganso, naonjezera mizati pakati pa mizati yakale. Patapita zaka mazana atatu, zidzukulu zao, zisanamange nkomwe mbali yokhalamo anthu, zidathamangira kumanga nsanja ya mamita 153 pakati pa tchalitchi. Idatha mu 1569, ndipo mu 1573 idagwa, pakuti mbali imene ikadaichirikiza idali isanamangidwe. Mpaka lero tchalitchi cha ku Beauvais chili chosatha: chili ndi mutu ndi mapewa, koma thupi chilibe.

Mutu umodzi susenza denga

Musaganize kuti nyumba zimenezi zidamangidwa ndi Maepiskopi ndi mafumu okha. Padalibe makina a injini. Miyala ankaiswa m'mapiri, naikoka ndi ng'ombe kapena kuinyamula pa mabwato. Poikweza m'mwamba ankagwiritsa gudumu lalikulu la matabwa, limene munthu ankayenda m'kati mwake kuti lizungulire ndi kukulunga chingwe. Wosema miyala ankalemba chizindikiro chake pa mwala umene wasema, ndipo zizindikirozo zikuonekabe. Nyengo ya chisanu choumitsa madzi ikafika, ankafunditsa zipupa ndi udzu ndi ndowe kuti matope a laimu asaonongeke, nadikira dzinja lao lipite.

Makalata a nthawi imeneyo amasimba kuti ku Chartres, m'chaka cha 1145, anthu olemera ndi osauka, amuna ndi akazi, adadzimanga okha zingwe nakoka ngolo za miyala, mitengo ndi chakudya cha antchito. Ndipo munthu sankaloledwa kugwira chingwe asanaulule machimo ake ndi kuyanjana ndi mdani wake. M'chaka cha 1194 moto udapsereza mbali yaikulu ya tchalitchicho. Anthu adataya mtima. Koma ataona kuti nsalu imene ankailemekeza monga chovala cha Amai Maria yapulumuka, adalimba mtima nayambanso. Pofika cha m'ma 1220 denga lidali litatha, ndipo tchalitchi chidadalitsidwa mu 1260.

Magalasi ake ankawapanga ndi mchenga ndi phulusa la mitengo, naikamo zitsulo zosiyanasiyana zopatsa mtundu wofiira, wobiriwira, kapena wonga thambo. Kenaka ankalumikiza tizidutswato ndi mtovu kuti tipange zithunzi. Mazenera akale oposa 150 akadalipo ku Chartres. Kwa anthu osadziwa kuwerenga, amene adali ochuluka, mazenerawo adali ngati katekisma: ankaonamo Nowa ndi chombo chake, Msamariya wachifundo, mwana wolowerera, ndi moyo wa Ambuye athu. Ndipo m'munsi mwa mazenera ambiri muli zithunzi za anthu a ntchito za manja: ophika buledi, osoka nsapato, opala matabwa, osema miyala, ogulitsa nyama, aliyense ali pa ntchito yake.

Komatu tisabise choona. Si paliponse pamene anthu adapereka mokondwa. Ku Reims, m'chaka cha 1233, anthu a mumzinda adaukira Arkiepiskopi wao pa nkhani ya misonkho ndi ulamuliro, ndipo ntchito yomanga idaima zaka 3. Chopereka chokakamiza chimachedwetsa nyumba ya Mulungu.

Kufalikira kwake ndi dzina lake

Kuchokera ku France mamangidwe amenewa adaoloka malire. Tchalitchi cha ku Canterbury, ku England, chitapsa mu 1174, adaitana mmisiri wa ku France, William wa ku Sens. Mu 1178 adagwa kuchokera pansanja yomangira nalumala, ndipo mmisiri wina wa ku England, dzina lake William yemwenso, adatsiriza ntchitoyo. Ku Spain adayamba tchalitchi cha ku Burgos mu 1221. Ku Italy, cha ku Milan mu 1386. Ku Cologne, m'dziko la Germany, adaika mwala woyamba mu 1248. Pambuyo pake ntchito idaima zaka pafupifupi 300, chokwezera miyala chili chikhalire pamwamba pa nsanja yosatha. Adayambanso mu 1842, natsiriza mu 1880. Kuyambira mwala woyamba kufikira wotsiriza padapita zaka 632.

Omanga eni ake sankadziwa dzina lakuti Gothic. Ena a nthawi yao ankangoti ntchito ya Chifalansa. Dzina la Gothic lidadza pambuyo pake ngati chitonzo. Anthu ophunzira a ku Italy, monga Giorgio Vasari amene adalemba mu 1550, ankakonda mamangidwe a Aroma akale okha, ndipo enawa adati ndi a mtundu wa Agoti, umene udafunkha mzinda wa Roma m'chaka cha 410. Chonsecho Agoti sadamangepo tchalitchi chotere ngakhale chimodzi. Dzina lachitonzo lidakanirira, koma chitonzo chidatha: m'zaka za m'ma 1800 anthu a ku Ulaya adayambanso kukonda mamangidwe amenewa, namanga matchalitchi atsopano ambiri a mazenera osongoka.

Mmene zidafikira kwathu kuno

Imeneyo ndiyo nthawi imene amishoni adanyamuka kudza ku Afrika, ali ndi chithunzi cha matchalitchi a kwao m'mutu. Ku Blantyre, mmishoni wa ku Scotland, David Clement Scott, amene sadaphunzire za umisiri, adamanga tchalitchi cha St Michael and All Angels kuyambira 1888 kufikira 1891, pamodzi ndi antchito a dziko lino, ndi njerwa zoumbidwa pomwepo. Adasakaniza mamangidwe a mitundu ingapo, ndipo mauta ake a njerwa akadali chiimire. Pa chilumba cha Likoma, a Anglican adaika mwala woyamba wa tchalitchi cha Petulo Woyera mu 1903, mmisiri wake ali Frank George, ndipo adachipatula mu 1911. Abambo athu a White Fathers, ambiri a iwo ochokera ku France komweko, adatsekula Chiwamba ndi Mua mu 1902, Likuni ndi Kachebere mu 1903, ndi Nambuma mu 1928.

Kuno sadamange madenga a miyala ngati a ku Amiens. Chimene adapeza ndi dothi labwino, nkhuni, ndi manja a makolo athu. Simenti ndi zitsulo zidali zosowa, ndipo mtanda wa mtengo woikidwa pamwamba pa khomo chiswe chimaudya. Koma uta wa njerwa umadzisenza wokha, pakuti njerwa iliyonse imatsamira inzake. Tsono mukadzalowa m'tchalitchi chakale cha pamishoni, kwezani maso. Mukaona uta wozungulira, dziwani kuti ndi mdzukulu wa matchalitchi a mdima aja. Mukaona wosongoka, ndi mdzukulu wa ku Saint-Denis.

Kwa inu amene mulikuumba njerwa

Ife tidaonapo ndi maso athu tchalitchi cha pamudzi wina chitang'ambika chipupa mvula yachiwiri isanathe. Akristu adali ataumba njerwa miyezi iwiri, amai atathyoka misana ndi mitsuko ya madzi. Koma adachitambalitsa kuti chipose cha mudzi woyandikana nao, sadaike mitanda yopingasa yomanga mapaso, ndipo chipupa chachitali adachisiya chopanda zipilala. Denga lidakankha, zipupa zidapatukana, monga mapazi a ana aja. Titapemphanso njerwa chaka chotsatira, ambiri adakana, ndipo sitidathe kuwadzudzula.

Chifukwa chake, musanakumbe maziko, funsani funso la amisiri akale aja: kodi kulemera kwa denga ili kudzatsikira pati? Itanani mmisiri wodziwa ntchito, ngakhale afune malipiro. Chipupa chachitali chipatseni zipilala. Mapaso amangeni ndi mitanda yopingasa. Pamwamba pa khomo ndi zenera pakhale uta womangidwa bwino, kapena lintala ya simenti ndi zitsulo. Mukatero mungathe kukulitsa mazenera osaopa kanthu, kuti nkhalamba ziwerenge buku la mapemphero popanda kutsinzina. Musapikisane ndi mudzi wina, kumbukirani Beauvais. Musakakamize wamasiye kupereka chimene alibe, kumbukirani Reims. Ndipo ndalama zikatha zipupa zili pakati, zifunditseni kuti mvula isazigumule, ndi kudikira chaka chamawa osachita manyazi, kumbukirani Cologne.

Pa 15 Epulo 2019 moto udagwira tchalitchi cha Notre-Dame ku Paris. Mitengo ya pamwamba idapsa, nsanja ya pakati idagwa niboola denga m'malo angapo. Koma mbali yaikulu ya denga la miyala idapirira, nitchinjiriza za m'kati. Amisiri amene adaliyala adafa zaka 800 zapitazo, ambiri a iwo osadziwika maina, koma nthiti zao ndi mphanda zao zidagwirabe ntchito usiku umenewo. Atachikonza, adachitsekulanso pa 7 Disembala 2024.

Makolo, muuzeni mwana amene adzakufunsani kuti zenera losongoka lidabadwa pamene anthu adaphunzira kusenzetsa denga pa mizati, kuti chipupa chipereke malo kwa kuwala. Mulungu adalitse manja anu pa nyengo ino ya njerwa. Tsalani ndi mtendere.